Tsiku Limene Sindinamve Kukuwa kwa Alamu Anga

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye Yesu ukhale nanu nonse.

Ine ndine Fanuel. Ambiri mumandidziwa chifukwa cha njinga yamoto yofiira imene ndimanyamulira matumba a mbatatesi kuchokera m'madimba kupita kumsewu wa ku Mlangeni. Ena mumandidziwa chifukwa cha pakamwa panga. Zimenezo sindingakane. Ndinali munthu wa mtima wapachala. Wina akangondichedwetsa pang'ono, ndinkamulalatira. Mkazi wanga Chrissy anazolowera kuyamba waona nkhope yanga ndisanalowe m'nyumba, kuti adziwe ngati n'kotheka kundilankhula tsiku limenelo.

Kutchalitchi kuno ndinkabwera ndithu. Ndinkakhala kumbuyo uko, pafupi ndi chitseko. Ulaliki ukatalika ndinkatuluka. Ndinkadziyesa Mkhristu chifukwa ndinabatizidwa ndili mwana, basi.

Koma chimene chinkandipsetsa mtima kuposa zonse chinali gemu ya pafoni. Ndikuona ena mukumwetulira. Palibe vuto. Nanenso ndikanaseka ikanakhala nkhani ya munthu wina.

Gemuyo anabwera nayo msuweni wanga Dalitso. Kwathu amuna anayamba kale kupita ku Joni. Agogo athu anagwira kumigodi, bambo anga m'mafamu, ndipo Dalitso amasamalira maluwa pakhomo pa bwana wina kumeneko. Atabwera kutchuthi anatiikira gemuyo m'mafoni. Anati akabwerera tizikumana m'menemo, chifukwa kumene amakhalako sabata imatha osamva munthu akulankhula Chichewa.

Kwa amayi ndi abambo amene simunaionepo, imakhala chonchi. Munthu aliyense amayendetsa loboti, chimphona chachitsulo choyenda ndi miyendo iwiri, chonyamula mfuti m'mapewa. Timakhala anayi mbali ino, anayi mbali inayo. Enawo ndi anthu enieni, ali m'mayiko mwawo ndi mafoni awo. Pabwalo la nkhondo pali nsanja zimene timalimbirana, ndipo timu imene yazigwira nthawi yaitali ndiyo yapambana. Anthu a timu imodzi amamvana mawu ngati akuimbirana foni.

Malobotiwo safanana. Yanga inali yolemera, ya chishango chachikulu. Imayenda pang'onopang'ono ngati ngolo yodzaza, koma imapirira zipolopolo. Ntchito yake ndi kuima kutsogolo kuti adani azithera mfuti zawo pa iyo. Ya Dalitso inali yopepuka, yothamanga, ya chitsulo chopyapyala. Ntchito yake ndi kuzungulira m'mbali, kuona kumene adani abisala, kutiuza, n'kubwerera msanga.

Wachitatu anali aphunzitsi a Mbewe a ku Sharpevale, mnzake wa Dalitso. Yawo inali ya mfuti yaitali yowombera patali. Imeneyo malo ake ndi pamwamba, pachitunda, kuseri kwa mwala, ndipo siyenera kutsika.

Wachinayi anali alamu anga a Levison, amuna a mlongo wanga Esnart. Loboti yawo inalibe mfuti yodalirika. Inali yokonza zinzake. Ikaima kumbuyo kwako, imakuwotcherera chitsulo nkhondo ili mkati. Malo ake ndi kumsana kwa loboti yolemera.

Ine ndinadziika kukhala wolamula. Palibe anandisankha. Ndinkangoona kuti ndine ndekha amene ndikumvetsa kuti aliyense ali ndi malo ake.

Abale, anthu atatu amenewa ankandisowetsa mtendere. Dalitso akaona mdani wovulala akuthawa, ankamuthamangira mpaka kwawo, n'kukapeza mfuti zitatu zikumudikira. Aphunzitsi ankatopa kukhala okha pachitunda. Ankatsika kuti aone nkhondo pafupi, ndipo loboti yawo ikafika pafupi imangokhala nyama. A Levison anali ndi vuto la chifundo. Akaona Dalitso akufuka utsi pakati pa bwalo, ankandisiya ine n'kupita kukamukonza. Onse awiri ankagwera pomwepo, ine n'kutsala ndekha, chishango chikusweka, kumsana kulibe munthu.

Ndinkawauza mobwerezabwereza. Mdani wovulala akathawira kwawo musiyeni. Musaime poyera, yendani motsatira khoma. Tonse tiwombere loboti imodzi mpaka igwe, kenako ina. Tikamabwerera m'mbuyo, tibwerere limodzi. Wokonza asachoke kumsana kwa wolemera, chifukwa wolemera akagwa, timu yonse yagwa.

Ndipo ndinkanena zoona. Tikatsatira zimenezi tinkapambana. Ichi n'chimene chinandiwononga kwambiri, chifukwa ndinayamba kuganiza kuti munthu wonena zoona ali ndi ufulu wolankhula mmene wafunira.

Kumudzi ndikakumana ndi a Levison ndinkati, alamu mwadzuka bwanji. Mu gemu ndinkawatchula kuti iwe. Aphunzitsi, munthu wolemekezeka kwawo, ndinkawafunsa ngati ana a sukulu amaphunzira kanthu kwa munthu wosamva ngati iwo. A Levison ankangoseka n'kunena kuti ndi masewera chabe. Mawu amenewo ankandipweteka kuposa kugonja.

Kwathu kuno mukudziwa mmene netiweki imavutira. Foni imatha kudumphira ya ku Mozambique uli pakhomo pako. Ndiye ine ndinapeza mwala wina paphiri la kumtunda kwa mudzi, pamene netiweki sidula. Ndinkakwera ndi njinga, kuiimika pansi pa msuku, n'kukhala pamwalapo mahedifoni ali m'makutu. A Levison ankasewerera pachulu cha pafupi ndi nyumba yawo, kumunsi kufupi ndi madimba. Mahedifoni awo anali ataduka, choncho mawu a gemu ankatulukira pasipika ya foni.

Panali chinthu chinanso chimene chinkanditopetsa. Anzangawo ankacheza nkhondo ili mkati. Dalitso ankafunsa za kumudzi, kuti wakwatira ndani, chimanga chacha bwanji, ng'ombe ya amalume yabereka kodi. A Levison ankayankha zonse mwachifatse. Ine ndikukuwa kuti adani akubwera kumanzere, iwo akukambirana za mtengo wa feteleza.

Tsiku lina ndinapeza kabatani kotseka mawu a anzako, iwe n'kumamvekabe kwa iwo. Ndinakadina. Sindinauze munthu. Ndinatsekanso mafoni obwera, chifukwa kasitomala wina anandiimbirapo nkhondo itafika pachimake n'kunditulutsa mu gemu. Kuyambira pamenepo ndinkalamula anthu amene sindinkawamva. Ndinkaona ngati zinthu zayamba kuyenda bwino.

Nthawi imeneyo Esnart anali woyembekezera. Anadikira zaka zambiri m'banjamo popanda mwana, ndipo mimbayo inali itakula. Mayi athu anandiitana n'kundiuza kuti masiku ano ndisamapite kutali ndi njinga. Ndinawayankha kuti asadandaule, foni yanga sizima.

Linali Loweruka masana, nyengo yozizira. Timu yathu inali itakwera bwino, ndipo tikanapambana nkhondo ya tsiku limenelo tikanalowa m'gulu la akatswiri. Ndinakhala ndikuiganizira sabata yonse. Bwalo lake linali la mtsinje pakati ndi mlatho umodzi, fakitale yogumuka kumanzere, chitunda kumanja.

Ndinagawa malo. Ine nditseka pakamwa pa mlatho. A Levison kumsana kwanga. Aphunzitsi pachitunda, aziwombera aliyense woponda pamlathopo. Dalitso adutse m'fakitale, alande nsanja ya kuseri, abwerere.

Kwa nthawi yoyamba onse anachita monga ndinanenera. Adani anadzaza pamlatho, akuwomba chishango changa, a Levison akuchikonza, aphunzitsi akuwathyola miyendo kuchokera pamwamba. Loboti imodzi ya adani inagwera mumtsinje. Mtima wanga unkagunda ndi chimwemwe. Ndinati lero anthu awa amva.

Kenako chishango changa chinayamba kutha, osabwereranso. Nditatembenuka ndinaona loboti ya a Levison itangoima, manja ali lende, ikuyang'ana khoma. Zipolopolo zikuigunda, iyo osasuntha.

Ndinakuwa. Ndinati, "Iwe Levison, chitsiru iwe, bwerera pamalo pako! Ngakhale nyumba yako ikupsa, suchoka kumsana kwanga!" Ndinanena zina zimene sindingazibwereze m'nyumba ya Mulungu. Ndinatukwana iwo, ndinatukwana ndi kumene anachokera.

Posakhalitsa mfuti ya aphunzitsi nayo inakhala chete. Kenako ndinaona Dalitso akuthamanga kuchokera kufakitale, atasiya nsanja imene anali atatsala pang'ono kuilanda. Anabwera n'kuima kutsogolo kwanga penipeni, kunditsekera adani. Ankadumphadumpha, akuwombera pansi pafupi ndi mapazi a loboti yanga. Pakona ya foni panali mauthenga akubwera motsatizana, koma ndani amawerenga mauthenga chishango chikusweka? Ndinamuuza kuti achoke, kuti ku Joni kwamusokoneza mutu. Adani anamugwetsa pomwepo. Kenako anandizungulira ine.

Nditagwa sindinatseke gemu. Ndinakhala pamwalapo ndikuwalalikira onse atatu, mmodzimmodzi, zolakwa zawo kuyambira tsiku limene tinayamba. Ndinalankhula nthawi yaitali. Ndinali ndikadalankhula pamene munthu anandizula mahedifoni m'makutu.

Anali Chrissy. Anali wefuwefu, mpango utagwa, miyendo itakalika ndi minga. Aphunzitsi atalephera kundipeza, anafunafuna nambala yake mpaka anamupeza ali kuchigayo, ndipo Chrissy anathamanga kuchokera kumeneko mpaka paphiri. Anangoti Esnart wagwa, akutaya magazi, anthu anyamuka naye pangolo.

Sindikumbukira mmene ndinatsikira phirilo. Ndinawapeza atangodutsa dambo. Ng'ombe zinali kubusa, ndiye zinatenga nthawi kuti azipeze n'kuzimanga. Esnart anali atagona pamphasa m'ngolomo, mayi athu atamugwira mutu. Zitenje zinali zitanyowa. A Levison ankayenda pambali opanda nsapato, chikwapu chili m'manja. Ananyamula mkazi wawo n'kumukhazika panjinga, mayi wina woyandikana nawo n'kukhala kumbuyo kuti amugwire.

Kuchipatala anamwino anatilandira mothamanga. Anachita zimene akanatha, kenako anamutumiza ku Boma pa ambulansi. Esnart anapulumuka. Mwanayo anali wamkazi, ndipo anabadwa atamwalira kale.

Zimene zinachitika kumunsi kuja anandiuza ndi Dalitso. A Levison anamva kugwa kwa munthu pakhomo, anathamanga, n'kupeza Esnart ali pansi pafupi ndi mtondo. Foni inali idakali m'manja mwawo. Anakuwa m'menemo kuti, "Alamu, bweretsani njinga! Esnart wagwa!" Anakuwa mpaka mawu anasasa. Kenako anaponya foniyo pansi kuti amunyamule.

Dalitso anamva ali ku Joni. Aphunzitsi anamva ali ku Sharpevale. Ine, amene ndikanaimirira pamwala paja ndikanaona denga la nyumba yawo, sindinamve.

Ndipo foni ija inagwera pafupi ndi mutu wa mlongo wanga, sipika ili yotsegula. Nthawi yonse imene anthu ankathamangira ng'ombe, iye anagona pamenepo akumva mawu anga.

Mwambo wathu mukuudziwa. Mwana wotere amakaikidwa ndi azimayi okha, mwakachetechete. Palibe maliro, palibe nyimbo, amuna sitipitako. Ndinalibe poti ndikalire. Ndinabwerera kuchipatala kuja kukafunsa namwino mmodzi ngati mwanayo akanakhala moyo tikanafika msanga. Anandiuza kuti zimenezo palibe munthu angadziwe. Mwina inde, mwina ayi. Ndinkafuna andiuze chimodzi. Mpaka lero sindikudziwa.

Mungaganize kuti pamenepo ndinadzichepetsa. Ayi. Ndinakwiya koposa kale.

Ndinayamba kuisanthula nkhaniyo monga ndinkasanthulira nkhondo tikagonja, kufufuza amene anachoka pamalo pake. N'chifukwa chiyani a Levison ankasewera gemu mkazi wawo ali wotopa chonchija? N'chifukwa chiyani sanatume munthu kuthamangira kuphiri? Ng'ombe zinapitiranji kutali? Aphunzitsi anachedweranji kupeza nambala ya Chrissy? Nanga Mulungu, amene Esnart ankamuimbira m'kwaya Lamulungu lililonse, anali kuti? Ndinkazungulira mafunso amenewa tsiku lonse, ndipo lililonse linkandibwezera ku chala changa chimene chinadina kabatani kaja. Ndikafika pamenepo ndinkapita kukamwa kachasu.

Gemu ndinaifufuta m'foni. Ndinkaganiza kuti ndachotsa tchimo. Koma mkwiyo unatsala momwemo, ukungosowa pogwera. Alimi amene ndinkawanyamulira mbatatesi anatopa kundidikira, anapeza anthu ena. Njira ya kumunsi ndinasiya kudutsako. Abusa anabwera kunyumba, ine ndinatulukira kuseri.

Tsiku lina nditaledzera ndinauza Chrissy kuti akanathamanga kwambiri mwana uja akanakhala moyo. Mkazi amene anakwera phiri miyendo ikutuluka magazi. Kutacha anamanga katundu wake n'kupita kwa makolo ake ku Kandeu.

Ndinatsala ndekha m'nyumba. Ndinkadana ndi aliyense, ndipo ndinkadana ndi ine mwini kuposa onse. Ndinayamba kuganiza kuti mudzi uno ungapume bwino ine kulibe. Ndikunena zimenezi poyera chifukwa mwina pali wina muno amene maganizo amenewa akumubwerera.

M'mawa wina ndili pakhonde, mutu ukuwawa ndi mowa wa dzulo lake, ndinaona munthu akukwera kanjira ka kwathu pang'onopang'ono, akupumira m'njira. Anali Esnart. Anali ataonda kwambiri. Ndinafuna kuthawa, koma anali atandiona kale.

Anakhala pansi patsogolo panga. Sanandipatse moni.

Anati, "Achimwene, musaganize kuti ndabwera chifukwa mtima wanga wapola. Sunapole. Zonse munanena tsiku lija ndinazimva. Ndikagona ndimazimva, ndikamatunga madzi ndimazimva. Ndapempha Mulungu kuti azichotse m'makutu mwanga, sizikuchoka."

Ndinaweramitsa mutu. Ndinkadikira kuti anditemberere, ndipo ndikanalandira.

Anati, "Ndiye ndaganiza kuti mubwere pakhomo panga mudzalankhule zina. Zilizonse. Ndikufuna ndikhale ndi mawu ena anu oti ndizikumbukira."

Ananyamuka n'kuyamba kutsika. Ndinamutsatira, sindikudziwa kuti mphamvu zake ndinazitenga kuti.

Tinapeza a Levison akusanja mbewu ya mbatatesi pakhonde. Atandiona anaimirira n'kunditengera mpando, monga ankachitira kale. Mpandowo unandilasa mtima. Sindinakhalepo. Ndinaima pakati pa bwalo, pafupi ndi mtondo uja, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndilankhule. Munthu amene sindinkasowa chonena, tsiku limenelo ndinasowa. Ndinayesa kunena kuti pepani, koma liwulo linaoneka laling'ono kwambiri.

Ndinagwada m'fumbimo. A Levison anabwera n'kugwada pambali panga, n'kuyamba kupemphera ndi mawu otsika. Sanapempherere kuti Mulungu andilange kapena andikonze. Anamuuza Mulungu kuti onse atatu tatopa, ndipo sitikudziwa chochita. Anamuuzanso kuti iwonso amadziimba mlandu tsiku ndi tsiku chifukwa anali pachulu ndi foni mkazi wawo akusinja yekha. Ine sindinkadziwa kuti nawonso akusenza zimenezo. Sindinawafunsepo.

Kenako ndinamva pakamwa panga pakutuluka pemphero. Chibadwire ndinali ndisanapempherepo mokweza. Ndinati Ambuye Yesu, ndine munthu wankhanza, ndipo sinditha kudzisintha. Ndayesa kufufuta gemu, ndayesa mowa, zakanika. Ngati mumalandira anthu ngati ine, ndilandireni. Ndinapempherera mwana uja amene sitinamupatse dzina. Ndinapempherera mlongo wanga pomutchula dzina. Ndinalira ngati mwana, mamina ndi misozi, anthu odutsa akuona.

Sindinaone kuwala kulikonse. Sindinamve liwu lochokera kumwamba. Koma chinthu chimene chinkandifinya pachifuwa chiyambire tsiku lija chinamasuka, ndipo ndinadziwa kuti Yesu sanandikane. Esnart sananene kuti wandikhululukira. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi madzi m'beseni kuti ndisambe kumaso. Mawu a chikhululukiro anabwera patapita miyezi, ndipo anabwera pa nthawi yake, osati yanga.

Lamulungu lotsatira ndinapita kwa abusa amene ndinkawathawa aja. Anandilandira, ndipo anayamba kundiphunzitsa Mawu pang'onopang'ono. Mowa ndinasiya, ngakhale kuti masabata oyamba thupi linkanjenjemera. Ndinapita ku Kandeu kukagwada pamaso pa Chrissy ndi makolo ake. Sanabwere nane. Anati wamva, koma akufuna aone kaye. Ndinabwerera ndekha panjinga, mtima ukuwira, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinauza Yesu za mkwiyowo m'malo mouza munthu. Chrissy anabwera mvula itayamba.

Za gemu ndinkati zatha. Koma Dalitso anandiimbira tsiku lina, mawu ake ali ofooka. Anati chiyambire nkhani ija palibe amene amalowamo, ndipo iye akaweruka amangokhala m'kachipinda kake kuyang'ana khoma. M'pamene ndinazindikira kuti macheza aja amene ndinkawatseka, za ng'ombe ndi feteleza, ndiwo anali chifukwa chake chotiikira gemuyo. Nsanja zija analibe nazo ntchito kwenikweni.

Ndinafunsa abusa. Anati iwo za maloboti sazidziwa, koma sakukhulupirira kuti loboti inatukwanapo munthu. Anati ndikafunse Esnart, ndipo akakana, ndisabwererenso. Esnart anaganiza masiku angapo. Kenako anati tizisewera, koma amuna ake azisewerera pakhonde pamene iye akuwaona, ndipo ine ndizikhala pomwepo.

Ndiye masiku ano timasewera pakhonde la a Levison, Loweruka ntchito ikatha. Netiweki ya pamenepo imadula, ndipo nthawi zina loboti yanga imauma pakati pa mlatho. Ndidakali ndi yolemera ija, koma wolamula ndi a Levison. Munthu wa kumsana amaona bwalo lonse, pamene wa kutsogolo amangoona mfuti zimene zamuloza. Amalamula mofatsa, mwina mofatsa kwambiri. M'gulu la akatswiri sitinalowemo, ndipo sindikuona ngati tidzalowamo.

Ndisakunamizeni, abale. Dalitso amathamangirabe adani ovulala. Aphunzitsi amatsikabe pachitunda. Dzulo lomweli tinali titatsala pang'ono kupambana, iwo n'kutsika, loboti yawo n'kuphwanyidwa poyera. Mkwiyo unakwera. Mawu akale aja anafika palilime, onse, osasowa ndi limodzi lomwe. Ndinaika foni pansi, ndinapita kuseri kwa khola, ndinati Yesu ndigwireni. Anandigwira. Nditabwerera ndinawauza aphunzitsi kuti ulendo wina akhale pamwamba, ndipo ndinawatchula kuti inu.

Kwa ena chimenechi n'chaching'ono. Kwa ine ndi chozizwitsa, chifukwa ndikudziwa munthu amene ndinali. Sindinadzisinthe ndekha. Ndi Yesu. Alemekezeke Iye amene sanandisiye pakhonde paja ndi botolo, amene anapatsa mlongo wanga mphamvu zokwera kanjira kaja thupi lake lisanachire. Ulemerero ukhale kwa Iye yekha.

Esnart ndi a Levison sanapatsidwebe mwana wina. Sindibwera pano ndi nkhani yoti zonse zinakonzeka. Ndikupempha kuti muziwakumbukira m'mapemphero anu.

Tsopano ndilankhule ndi inu amene kunyumba kwanu ana amakhala chete mukangofika. Inu amene mumanena zoona, koma aliyense amene mwamuuza zoonazo amachoka atavulala. Inunso amene munachita chinthu chosabwezeka, ndipo mukuganiza kuti Mulungu anakutsekerani chitseko. Sanatseke. Musadikire kuti mtima uyambe wapola, chifukwa wanga sunapole pamene ndinabwera, ndipo anandilandira choncho.

Esnart wavomera kutiyambitsira nyimbo, poti ine kuimba sinditha. Akamaimba, bwerani kutsogolo kuno. Simukhala nokha. Ine ndiyamba kugwada, chifukwa sabata ikubwerayi ndikumufunanso Yesu monga ndinamufunira dzulo.

Amen.